Chikumbu Chimene Chinatulutsa Achimwene Panja

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene achimwene anga, a Saidi, anagwa mumtengo wa mango kwathu ku Chowe. Atabwerako kuchipatala cha ku boma, miyendo yawo sinkagwiranso ntchito. Anthu ankabwera kudzazonda, kunena "pepani" motsitsa mawu, ashehe n'kuwachitira duwa, pemphero lathu la Chisilamu. Achimwene ankangotembenukira kukhoma. Phala linkabwerera osalikhudza, ndipo amayi ankakalirira kuseri kwa nkhokwe kuti tisawaone.

Chimene ndinkatha n'kugwira zikumbu zobiriwira zija, zonyezimira, zimene zimaunjikana pa maluwa ndi pa mango olobodoka. Anafe tinkazimanga ulusi kumwendo n'kumaziulutsa, zikulira ngati ndege. Tsiku lina ndinawatengera achimwene zodzaza chitini.

"Usazimange," anatero. Amenewa anali mawu awo oyamba kwa ine chibwerereni kuchipatala.

Anazikhuthulira m'mbale n'kuyamba kuzitembenuza ndi kamtengo. Patapita nthawi anandiitana. "Mariamu, taona. Ichi si chinzawo."

Kwa ine zonse zinali chimodzimodzi. Koma anandionetsa modekha: zinazo zinali ndi timadontho toyera pamsana, pamene ichi chinali ndi timizere tiwiri tachikasu. Kumimba kwake kunali ubweya wofiirira, ndipo kumutu chinali ndi kanyanga kamphanda.

Sabata imeneyo kunabwera aphunzitsi awo a sayansi, bambo Mbewe. Iwo sananene pepani. Anakhala pansi pafupi ndi mphasa, kuchiika chikumbucho padzanja, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwina ichi n'chachimuna chabe, zinazo n'zazikazi," anatero. "Wadziwa bwanji kuti ndi mtundu wina?"

"Ndaona, sala."

"Waonera m'mbale. Kumene zimakhala wakaonako?"

Amayi anawayang'ana aphunzitsiwo ndi diso loipa. Achimwene nawo anakwiya. Koma kutacha anaitana abambo kuti awatulutse. Abambo anawabereka kumbuyo ngati khanda, mnyamata wa sitandade 8, n'kukawagoneka pansi pa mtengo wa mthethe umene unali utachita maluwa, pamene ndinkagwirapo zikumbu. Ndimakumbukabe mmene anatsinzinira, dzuwa litawawomba kumaso.

Kuyambira pamenepo miyendo yawo ndinali ine. Ndinkakwera, kugwedeza nthambi, kuthamangira kumene aloza. Iwo ankangoyang'ana. Anapeza kuti zamizere zija zilipo zazimuna ndi zazikazi, ndipo zimakwerana zokhazokha. Pa mango sizinkaterapo, zinkafuna maluwa a mthethe okha. Amayi akabweretsa chinangwa chophika, achimwene ankadya maso ali m'mwamba, osazindikira kuti mbale yatha. Tsiku lina anapempha china. Amayi anangoti "Alhamdulillah," kuthokoza Mulungu, n'kuthamangira kukhitchini.

Bambo Mbewe atabweranso, achimwene anawafotokozera zonse mosapumira. Aphunzitsiwo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Tsopano wanditsutsa ndi umboni." Anaika zikumbu zingapo m'botolo la sipiriti n'kuzitumiza kwa akatswiri a tizilombo ku Zomba. Yankho linachedwa mpaka mvula ina inagwa. Akatswiriwo anati ayerekeza ndi zonse zimene amasunga, koma chofanana nacho sanachipeze, ndipo ankafuna zina. Pambuyo pake anachipatsa dzina lalitali lachilatini limene kwathu palibe anatha kulitchula. Achimwene anaseka mpaka misozi pomva abambo akuyesera.

Achimwene sanayendenso. Lero amakonza mafoni ku boma ali pa njinga yawo ya olumala, ndipo ali ndi ana awiri.

Zaka zambiri ndinkaganiza kuti bambo Mbewe anali ouma mtima tsiku lija. Pano ndimaona mwina. Tonsefe tinkawakonda achimwene, koma tinkalankhula nawo ngati munthu amene zake zatha. Aphunzitsi aja okha ndi amene anawaona kuti akadali munthu woti n'kukangana naye.