Galimoto yofiira ya Che Amidu

Lamulungu lapitali ndinaonerera azibambo akuluakulu, ena a imvi zawo, atatsala pang'ono kukhetsa misozi chifukwa cha injini ya galimoto. Panalibe maliro, panalibe ngozi. Anangomva mphekesera yoti kampani ya ku Italy ija, yopanga galimoto zaliwiro zomwe iwo amazikonda kuposa akazi awo, ikufuna kusiya injini za petulo n'kuyamba kupanga zoyendera batire zokhazokha.

Dzina la kampaniyo sinditchula. Sandilipira kuti ndiziwatsatsira malonda.

Anandiitanira kumeneko ndi Che Amidu, bambo wa ku Mangochi yemwe anandilandira nditangofika kumene mu Durban muno. Akhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pakhomo pa bwana wina ku Durban North. Analowa ngati wosamalira maluwa, koma bwanayo ataona kuti munthuyu anaphunzira zokonza galimoto kumudzi, anawapatsa makiyi a galaja. M'galajamo muli galimoto yofiira yachikale, ya mipando iwiri, yomwe imatuluka kamodzi pamwezi. Ntchito ya Che Amidu ndi galimoto imeneyo. Kachipinda komwe amagona kali kuseri kwa galajayo, ndipo anawapatsa kuti azikhala pafupi nayo. Galimotoyo itachoka, iwo alibe ntchito, alibenso pogona.

Eni galimoto zotere ali ndi kalabu yawo. Amakumana pabwalo lina ku Morningside, kuimika galimoto mondondozana, kutsegula maboneti, kenaka n'kumazungulira atagwira makapu a khofi. Opukuta galimotozo amaima chapatali ndi nsanza zawo. Ine ndinaima nawo kumeneko. Che Amidu anandipatsa moni m'Chizulu, Chichewa n'kudzachitulutsa titabisala kuseri kwa mtengo. Inu a kuno mukudziwa chifukwa chake: mlendo akadziwika ndi chilankhulo chake, ena amamuzunza.

Nkhani inali imodzi basi: tsogolo la kampani ija. Wina amati galimoto ya batire ndi filiji yokhala ndi matayala. Wina amati akuyembekezera kuti mabwana atsopano a kampaniyo akumbukira komwe anachokera n'kutulutsanso injini yolira ngati zakale. Bwana wa Che Amidu ndiye amalankhula mokweza kuposa onse. Amati moyo wa galimoto ya ku Italy uli m'kulira kwake, ukachotsa kulirako watsala ndi chitsulo chabe. Analiza injini yake kuti anzake amve, onse n'kutsinzina ngati ali m'pemphero.

Kodi mwa onsewo alipo anafunsa kuti kulira kumeneko amakukonza ndani?

Ine ndinawaonapo Che Amidu akugwira ntchito. Sagwiritsa kompyuta. Amadula kapaipi kothirira maluwa, mbali ina kukhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta, pomwe injini imakokera mpweya, n'kumamvetsera mmene injini ikupumira. Amapotoza sikulu pang'ono, kumvetseranso, mpaka makabuleta onse azipuma mofanana. Amatha m'mawa wonse akuchita zimenezo. Mawu omwe azibambo aja amatsinzinira amachokera m'khutu la munthu wa ku Mangochi.

Tsikulo kalabu inalemba kalata yopita ku Italy, yopempha kampaniyo kuti isaphe injini ya petulo. Aliyense wosaina amayenera kulemba dzina ndi nambala ya galimoto yake, ija imadindidwa pachitsulo. Bwana uja atafika pathebulo anakanda m'mutu, nambala sakuidziwa. Anakodola Che Amidu, iwo n'kuitchula yonse pamtima osaphonya. Anthu anaseka, wina n'kuwasisita paphewa. Bwana atasaina, Che Amidu anatambasula dzanja kuti alandire cholembera. Mlembi wa kalabu anamwetulira n'kuwauza mwaulemu kuti kalatayo ndi ya eni galimoto okha.

Ine magazi anawira. Koma iwo anabwerera pamtengo paja akumwetulirabe.

"Eish, asiyeni, bola kalatayo ipite," anatero. "Azungu a ku Italy akamva kuti ngakhale ku Africa kuno anthu akudandaula, asintha maganizo. Injini imeneyi singafe, aphwanga."

Anali osangalala tsiku lonse. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ine ndimagwira ntchito kudoko, m'nyumba yosungira katundu yemwe amalongedwa m'makontena. Lolemba m'mawa, ndikuwerenga mndandanda wa katundu wa sabata ino, ndinaona galimoto imodzi yofiira, yachikale, yopita kwa wogula wina kutsidya kwa nyanja. Dzina la wogulitsa linali la bwana uja. Mapepala ake anakonzedwa kalekale, masabata angapo Lamulungu lija lisanafike. Ndiye kuti pomwe amalalikira za moyo wa galimoto, pomwe amasaina kalata yake ija, malonda anali atatha kale.

Ndinasowa mtendere. Munthu yemwe anakugonekapo pamphasa yake ungamuuze bwanji zoterezi? Lachiwiri masana ndinapempha kuweruka msanga n'kukwera tekisi ya ku Durban North, mawu ndikuwasanja m'njira monse.

Sindinawagwiritse ntchito. Ndinawapeza akudziwa kale kuti galimotoyo yagulitsidwa ndipo idzadzera kudoko kwathu. Bwana anawauza atangobwerako ku Morningside, injini isanazizire n'komwe. Anati mwana wake wamuitanitsira galimoto yatsopano ya batire kuchokera ku kampani yomweyo, ndipo imeneyo siifuna munthu wa sipanala. Maluwa adzasamalira a kampani ina yomwe imabwera kamodzi pasabata. Kachipinda kaja akufuna kuikamo zipangizo zotchajira. Mwezi ukatha, Che Amidu achoke. Anawathokoza kwambiri, akuti, mpaka kuwagwira chanza.

Apa mpamene ndikufuna tikambirane, abale anga.

Sindikudana ndi munthu wokonda galimoto. Aliyense ali ndi chomwe chimamuzunguza mutu, ena mpira, ena nkhunda. Chimene chimandiwawa ndi chikondi chomwe chimalirira chitsulo koma osaona munthu yemwe wagwada pansi pa chitsulocho. Azibambo aja akhoza kukuuzani dzina la mmisiri wa ku Italy yemwe anajambula chitseko cha galimoto yawo agogo athu ali anyamata. Afunseni dzina la bambo ake a munthu yemwe amawapukutira galimotoyo tsiku ndi tsiku, muone mmene ayang'anire kumwamba. Akuopa kuti kampani yawo itaya mbiri yake, pomwe iwo akutaya munthu yemwe wawagwirira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ngati tayala lakutha.

Koma nafenso tili ndi matenda athu, ndipo awa ndiwo amandipweteka kwambiri. Timakonda zinthu za eni ndi mtima wonse. Mayi wa ku Machinga amalera mwana wa bwana ku Morningside mpaka kumamutchula kuti mwana wanga, ake enieni akukula ndi agogo kumudzi. Bambo wa ku Balaka amadwala udzu wa bwana ukauma. Timati galimoto yathu, galu wathu, nyumba yathu. Mwini wake akamva amangomwetulira, chifukwa wantchito wokonda chinthu safunika kumuyang'anira. Tsiku logulitsa likafika, mpamene timakumbutsidwa kuti mawu oti "yathu" timawanena tokha.

Ndinawafunsa Che Amidu kuti apita kuti. Anati mnzawo wina wa kumzikiti wawalola kugona pansi m'chipinda chake kwa sabata imodzi kapena ziwiri, zinazo Mulungu ndiye akudziwa. Kumudzi sangabwerere chimanjamanja, ana awiri adakali pasukulu. Anazinena mwachidule ngati nkhani ya munthu wina, kenaka n'kutulutsa kope ndi cholembera.

"Inu Chizungu mumachitha," anatero. "Mundilembere kalata, tiike m'galimotomo. Wogulayo sakuidziwa, angaiwononge."

Ndinafuna kukana. Ndinafuna kuwauza kuti aisiye ikawonongeke, ikafere komweko. Koma munthu wamkulu akakupempha atakuyang'ana m'maso umatani? Ndinakhala pa ndowa n'kuyamba kulemba. Asamaithamangitse isanatenthe. Giya yachiwiri asamaikakamize m'mawa. Asamaitsuke padzuwa. Tinadzaza masamba awiri, iwo akufotokoza modekha ngati akupereka mwana wamkazi ku ukwati.

Pondiperekeza pageti anandigwira mkono. Ndinaganiza kuti tsopano anena za iwo eni, mwina andifunse ngati kudoko kuli ganyu.

"Kodi m'makontena mwanumo simutentha kwambiri?" anafunsa. "Penti yake ija siifuna kutentha."

Lachinayi likubwerali ndine ndidzatseke chitseko cha kontenayo. Galimotoyo idzamangidwa ndi malamba anayi, idzakhala ndi inshuwalansi, ndipo kutsidyako kuli munthu akuiyembekezera ndi galaja yosesasesa. Nanga Che Amidu akuwayembekezera ndani?