Nzimbe m'chikwama cha gitala

Abale nonse pa gulu lathu la WhatsApp lino, Esinati wandichititsa manyazi lero. Mchemwali wanga yemwe!

Dzulo titaimba ku Mponela ndinagona kwawo. M'mawa wandinyamulira chikwama cha gitala mpaka pa lole ya bandi yathu, ine osatsegula. Tafika ku Malomo, anthu adzaza kale. Kutsegula chikwama, muli nzimbe zodula bwinobwino ndi mbatata. Gitala mulibe!

Ndamuimbira, akuti, "Achimwene, mlendo sachoka chimanjamanja. Ndinasowa thumba, gitalayo ndakusungirani kuchipinda."

Mutu wanga sukugwira. Ndiimbe ndi nzimbe? Anzanga akudya nzimbezo uku akukambirana zoika wina m'malo mwanga. Amalume, zimenezi mukuziona bwanji?

Esinati, ndikudziwa ukuwerenga. Kweza gitalayo minibasi ya ku Malomo pompano!