Ngumbi za Kuseri kwa Waya

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anandiperekeza pa basi kuchoka kwathu ku Ntcheu kupita ku Joni. Sukulu tinali titatsekera kumene. Bambo ankagwira ntchito ya m'dimba pa pulote ya mzungu wina kupitirira Fourways, komwe nthawi imeneyo kunali kudakali tchire, misewu yafumbi ndi makola a mahatchi. Anandiitanitsa chifukwa amayi anali oyembekezera ndipo ankasowa wowathandiza.

Masiku a dzinja limenelo ankafanana. M'mawa ndinkasesa pakhomo, kutunga madzi pa mpope ndi kutola mapichesi ogwa pansi. Masana malata a kachipinda kathu ankatentha mpaka kulira, kenako mitambo inkasonkhana, mabingu n'kugunda, mvula n'kukhuthuka. Bambo anandipatsa lamulo tsiku lomwe ndinafika: "Tiyamike, kuno n'kwa eni. Usamadutse waya wa munthu, ndipo za kumudzi uzisiye kumudzi." Ine ndinali mwana wosabweza mawu. Ndinangoti, "Ndamva, bambo."

Vuto linali lakuti amayi sankadya. Buledi, nkhuku ya m'firiji, ngakhale phala la ufa wa m'sitolo, zonse zinkawabwerera. Kuchipatala anawadzudzula kuti akuonda ndipo mwana sakukula bwino. Ndinkaona mikono yawo ikucheperachepera, ine n'kumangowakupiza ndi katoni.

Tsiku lina mvula itakata, amayi ananunkhiza fungo la dothi lonyowa n'kunena motsitsa, "Kukhala kumudzi, bwenzi pano tikukazinga ngumbi. Zimenezo zokha ndingadye."

"Ngumbi ku Joni, amake Tiya?" anatero bambo. "Anthu atiyesa amisala."

Koma ine chulu ndinali nditachiona kale. Chinali pa pulote yoyandikana nafe, kuseri kwa waya. Kumeneko kunali bambo wina wamtali, wandevu, amene anali atangoyamba kumene ntchito yosamalira mahatchi. Ankawakalipira m'Chizulu ndi mawu aukali, moti ndikamuona ndinkabisala kuseri kwa thanki. Masana amenewo ndinasuzumira pawaya, ndipo ndinaona kuti chiswe chatsegula timabowo tatsopano tokhala ndi dothi lonyowa m'mphepete. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo lake: ngumbi zituluka dzuwa likamalowa.

Ndinazungulirazungulira pakhomo. Kenako ndinatenga beseni, ndinatulukira kumsewu n'kukagwada pa geti la pulote ija.

"Odi," ndinatero. Mawu ake ngakhale ine mwini sindinawamve bwino. Galu ndiye anandimva, anabwera akuuwa, ndipo pambuyo pake panali bambo uja atanyamula foloko yodyetsera mahatchi.

"Ufunani la?" anandifunsa m'Chizulu.

Chizulu sindinkachidziwa, ndipo Chingerezi cha kusukulu chinathawa chonse. Ndinayang'ana pansi n'kulankhula chakwathu: "Pepani bambo, ndimati ndipemphe nawo ngumbi za pachulu chanu. Amayi akudwala, sakudya."

Bambo uja anaphulika kuseka mpaka anatsamira foloko ija.

"Iwe! Ndiwe wa ku Malawi? Nanga ukamba monga udzudzu bwanji? Nyamuka, pansi m'ponyowa. Ine ndine Tembo, wa ku Chipata. Kwathu timati inswa." Anapukuta misozi ndi chipewa. "Kuyambira pomwe n'nabwera, nimeza mate n'kaona chulu ichi. Koma mwamuna wandevu ndi beseni m'manja, abwana azaniona bwanji?"

Anandigwira padzanja mpaka kwathu. Tinapeza bambo akudulira maluwa, ndipo atationa nkhope yawo inasintha.

"A Malawi," anatero a Tembo, "mutuma mwana, imwe mwabisala m'maluwa?"

"Sindinamutume, achimwene. Pepani ngati walakwa."

"Simunamutume? Ndiye thalauza iyo vulani mum'patse uyu."

Ndinkadikira mawu aukali, koma bambo anangoika sizasi pansi n'kufunsa, "Nyali muli nayo?"

Dzuwa litangolowa, tinayatsa nyali ya parafini pafupi ndi chulu n'kuika mabeseni a madzi m'mbali mwake. Ngumbi zinayamba ziwiri, zitatu, kenako zinatuluka ngati utsi. Zinkatilowa m'makutu ndi m'malaya. Bambo, amene sindinawaonepo akuthamanga chifikire ku Joni, ankaziwola ndi manja awiri akukuwa, "Tiya, beseni! Beseni!" Ana a mayi wina wochapa zovala pa pulote yachitatu anabwera kudzatiseka, koma posakhalitsa nawonso anali akutola.

Ndinazikazinga ndekha m'chiwaya, popanda mafuta, ndi kamchere pang'ono, n'kupeta mapiko ake. Fungo lake lisanathe kufalikira, amayi anadzuka pamphasa. Anatapa pang'ono n'kutafuna atatsinzina. Tonse tinkangowayang'ana, kudikira kuti mwina ziwabwerera. Anatapanso kachiwiri, kachitatu.

"Nanga mukungondiyang'ana?" anatero. "Tiya, tandiphikira kansima."

Zotsala tinaziyanika padenga, ndipo zinawafikitsa masiku ambiri. Pang'ono ndi pang'ono m'kamwa mwawo munatseguka, anayamba kudya nkhwani, kenako ndiwo zina. A Tembo ankabwera Lamlungu lililonse ndi mazira, n'kumakangana ndi bambo za mpira mpaka kuiwala tiyi. Mlongo wanga anabadwa ine nditabwerera kale kusukulu, ndipo amalume anandiuza kuti anali mwana wamphamvu, wolira kwambiri.

Pa ubwana wanga ndinkakhulupirira kuti mwana wabwino ndi amene savutitsa munthu, amene amakhala phee pomwe amuika. Manyazi amenewo sananditheretu mpaka lero. Koma ndinazindikira kuti manyazi anga akanatha kuwagoneka amayi ndi njala, chakudya chili pafupi, mwini wake ali wokonzeka kupatsa. Choncho wina akamavutika ine ndili ndi pakamwa, ndimapita kukapempha.