Paipi ya M'chifuwa cha Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali, ndi pulambala. Munthu wamakani ngati iwo sindinamuonepo, ndipo pansi pano chimene amachikhulupirira ndi sipanala basi. Mtsempha wa mtima utatseka, madokotala anawaika kachitsulo konga sipuling'i kuti magazi azidutsa. Ndiye tinapuma ngati? Aliyense wodzawazonda ankalandira phunziro. Ati dokotala ndi pulambala mnzawo, kungoti iye amasamba m'manja asanayambe ntchito.

Zaka zitatu zinadutsa bwinobwino. Kenako anayamba kumaima pakati pa makwerero, thukuta lili kamukamu, dzanja pachifuwa. Za kuchipatala sanaziganizire n'komwe. Paipi ikatseka iwo amadziwa chochita: umaigogoda, n'kuthiramo madzi otentha. Basi m'mawa uliwonse makapu atatu a madzi otentha, kenako kukadziguguda pachifuwa ndi chibakera kubafa, mpopi atautsegula kuti achemwali asamve. Miyezi inayi, anthuni, munthu wamkulu ndi imvi zake.

Tsiku lina anakomoka pansi pa sinki ya eni ake, miyendo yokha ili kunja, mwini nyumba n'kumayesa kuti ntchito ili mkati.

Dokotala anati mnofu wamera mkati mwa kachitsulo kaja, njira yatsala ngati diso la singano. Anati zimachitika ngakhale kwa anthu omwa mankhwala mokhulupirika, koma kuchedwa kuja ndiko kukanawapha. Tsopano panafunika kutsegula chifuwa n'kulumikiza mtsempha wina wolambalala potsekapo. Alamu anayamba kufunsa ngati ntchito yoyamba ija inali ndi galanti yoti ikalephera aikonzenso ulere. Ine ndinawazazira alamuwo anamwino akuona, ndinawatchula ndi mayina oti sindingabwereze. Ndinali ndi mantha. Achemwali anali atasiya kudya.

M'mawa wa opaleshoni, atawagoneka pa kabedi ka matayala, nthabwala zinawathera. Anakodola achemwali.

"Mayi a ana, tamverani. Kuseri kwa bafa, pansi pa njerwa yachitatu, pali chotsekera madzi a nyumba yonse. Mumapotokolera kumanja. Paipi ikadzaphulika ine kulibe, mudzayambe mwatseka pamenepo musanaitane munthu."

Zaka makumi atatu m'nyumba imene ija, achemwali anali asanakonzepo ngakhale mpopi wodontha. Anawakonzera alamu chofunda pamapazi, anamwino atagwira kale kabedi kuti azipita.

"Sindinamve," anatero achemwali. "Mudzatseka nokha."