Manja a Dona

Mlongo wanga wamwamuna ndi kondakitala wa minibasi, ndipo pasiteji amamutchula kuti Wailesi. Akayamba kuitanira anthu, ngakhale amene sakupita kulikonse amatembenuka. Kuyambira ali mwana pakamwa pake sipankatsekeka, moti ine amene ndinamulera ndinkachita kumupempha kuti apumeko. Ndiye taonani, munthu ameneyu n'kubereka mwana wosalankhula.

Mtsikanayo atabadwa analira ndi kamawu kosongoka ngati ka mwana wa mphaka. Kamutu kanali kakang'ono, kuyamwa kovuta. Adokotala anati ndi vuto lobadwa nalo, losowa kwambiri, n'kutchula dzina lalitali lomwe tinaliiwala tisanatuluke pageti. Chomwe sitinaiwale n'chakuti mwanayo azidzamva zambiri, koma kulankhula kudzachedwa, mwina osabwera n'komwe. Mlongo wanga anangoseka.

"Mwana wanga ine? Ameneyu adzakusokosani."

Anamutcha Dona, ndipo ankamukonda zosaneneka.

Dona anayenda mochedwa. Anzake akuyamba sukulu, iye mawu ake anali akadali "aa" ndi "mm". Kuchipatala kuli mayi wophunzitsa ana kulankhula, ndipo anaonetsa mlamu wanga, mayi ake a Dona, zizindikiro za manja, kuti mwana akhale ndi ponenera podikira pakamwa. Dona anagwira msanga bwanji! Chala pamlomo, madzi. Kusisita patsaya, amayi. Kugunditsa zala ziwiri kenako n'kuloza malo, apa pakupweteka. Tsiku limene anapempha madzi yekha, mlamu analira misozi kapu ili m'manja.

Mlongo wanga zimenezi zinamunyansa.

"Mukumuphunzitsa ulesi," anatero. "Akazolowera manja, pakamwa adzapagwiritsa ntchito yanji?"

"Iwe," ndinamuyankha, "tsiku lonse umalankhula ndi dalaivala pomenya denga la galimoto. Umakweza chala, anthu n'kudziwa komwe mukupita. Lilime lako linafota?"

"Achemwali, izo n'zina. Ine ndikufuna adzandiitane kuti ababa. Ndi mawu."

Akaweruka ankamukhazika pamiyendo n'kugwira timanja tonse m'dzanja lake limodzi. Sankamumenya ayi. Ankangogwira, akumwetulira: "Nena ba. Ba-ba. Unene kaye ndikusiye." Dona ankayasamula, dovu likuchucha, mitsempha ya m'khosi itaima, osatuluka kanthu. Mlamu akadandaula, yankho linali loti mwanayu ndi wakenso. Patapita miyezi Dona analeka zizindikiro zonse, ngakhale kwa mayi ake. Mlongo wanga anati eya, ndiye kuti mawu ayandikira.

Mawu sanabwere. Kunabwera kulira. Mwana ankalira tsiku lonse, kukana chakudya, kudzigunditsa mutu kukhoma. Tinamumwetsa mankhwala a m'mimba, tinasuzumira mano, tinamuvula kufunafuna chomuluma. Mlamu anagwada patsogolo pake akugunditsa zala ziwiri.

"Pati, mwana wanga? Tandionetsa."

Dona anakhalira manja ake.

Tinadziwa mafinya atatuluka m'khutu n'kudetsa pilo. Kuchipatala anati tachedwa, khutu limenelo silidzamvanso bwino. Kumva ndiye chinthu chomwe mwanayu anali nacho chokwanira, ndipo theka lake linapita tikuyang'ana m'mimba. Mtima unandiwawa, ndipo ndinamulalatira mlongo wanga mawu oti sindingawabwereze pano. Kwa nthawi yoyamba Wailesi anazima.

Panopa tsiku lake lopuma amapita yekha kwa mayi wa kuchipatala uja kukaphunzira zizindikiro zija. Zala zake zikuluzikulu, zozolowera kukoka chitseko cha minibasi, zimapindika movutikira, ndipo anzake amamuseka akamupeza akuyeserera podikira kuti galimoto idzaze. Iye salabadira. Dona naye anayambiranso pang'onopang'ono, kwa mayi ake, kwa ine, mpaka kwa mayi wogulitsa tomato pakona. Koma ndili ndi nkhawa, ndipo sindibisa.

Dzulo ndinali kwawo. Dona ankandiuza za galu wa aneba, timanja tikuthamanga, ine ndikungotolako apa ndi apo. Chitseko chinatseguka, bambo ake n'kulowa. Anagwada pasimenti, n'kuika chala chachikulu pamphumi, chizindikiro cha "ababa", kenako n'kudziloza pachifuwa. Anachita bwino ndithu, osalakwitsa.

Dona anamwetulira, pajatu bambo ake amawakonda. Kenako anabisa manja kumbuyo, n'kuyasamula, n'kuyamba kulimbana ndi "ba" uja.