Ulesi wa Aginesi unali pakhosi

Lachiwiri lapitali ndinalalatiridwa pa Phalula, anthu akuona, ndipo ndinabwerera ku Balaka ndikumwetulira msewu wonse.

Wondilalatirayo anali Aginesi, mwana wa mlongo wanga, amene amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu. Mlandu wanga? Nditatsika minibasi ndinayamba kufinyafinya tomato wa pa benchi la mnzake.

"Amalume! Ine ndili pano inu mukugwira tomato wa eni? Wangayu ali ndi minga? Tabwerani kuno msanga!"

Mawuwo anamveka mpaka tsidya lina la msewu. Mwina mukudabwa kuti munthu wamkulu ngati ine ndingakondwe bwanji ndi chipongwe chotere. Dikirani ndikuuzeni za chaka chatha.

Ine ndine nkhoswe ya Aginesi. Chaka chatha mwamuna wake, bambo a Tadala, amene amakonza njinga pomwepo pa Phalula, anandiimbira foni kuti banja lafika pothera. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ankhoswe akuchimuna, bambo a Tadala n'kuyamba kuyala madandaulo.

"Amalume, mkazi uyu si amene ndinamukwatira iyayi. Dzuwa limatuluka iye ali pamphasa. Ku benchi anasiya kupita. Ukamufunsa kanthu amangolira. Mwana akachedwa pang'ono kusukulu, iye ali njenjenje, akuti wagundidwa ndi galimoto. Ngati chikondi chinatha angonena."

Ndinamuyang'ana Aginesi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo inu a kuno mukudziwa kuti Okutobala wa Balaka ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Koma iye anali atavala juzi, chitenje atafunda pamwamba. Nkhope yotupikana, khungu lotuwa, thupi litanenepa. Anthu ankati banja lamuyanja.

"Yankhula, mwana iwe," ndinatero.

Anayankha pang'onopang'ono, ngati mawuwo akuchokera pansi pa chitsime. "Amalume, sindikudziwa chimene chandilowa. Ndimafuna kudzuka, thupi limakana. Palibe chimene chikundisangalatsa. Ndimangoona ngati ndine katundu pakhomo pano."

Mukudziwa chimene nkhoswe yanzeru ine ndinayankha? Ndinakonza kolala n'kunena kuti, "Banja ndi kupirira. Usiye ulesi, usatichititse manyazi." Kenaka ndinamwa thobwa n'kukwera minibasi, ndikudziona ngati ndagwira ntchito.

Si ine ndekha amene ndinali dokotala pa nkhaniyi. Apongozi ake anati ndi matama. Amayi a kumpingo anati wafooka m'pemphero. Anzake a pa benchi ananong'onezana kuti wina wamuchita chifukwa tomato wake ankatha msanga. Aliyense anali ndi dzina la matendawo, koma palibe anati tiyeni kuchipatala.

Chinamupititsa kuchipatala chinali china: kudzimbidwa kosatha. Kumeneko anapeza dokotala wachimayi amene sanathamangire kulemba mankhwala. Anayamba ndi juzi ija.

"Mayi, kutentha konseku mukumva kuzizira? Tsitsi likuthothoka? Kumwezi mukupita bwanji? Nanga mumtimamu mukumva bwanji?"

Funso lomalizali, Aginesi akuti, linamuliza, chifukwa miyezi yonseyo palibe anali atamufunsapo. Dokotalayo anamugwira pakhosi, namutumiza ku chipatala chachikulu kuti akamuyeze magazi. Zotsatira zitabwera, wolakwa anapezeka: chithokomiro.

Ambirife tikamva chithokomiro timaganiza za chotupa chachikulu chapakhosi. Ine ndinkaganizanso choncho. Koma monga dokotalayo anamufotokozera Aginesi, aliyense ali nako kachiwalo kameneka kutsogolo kwa khosi, ndipo kamatulutsa timadzi timene timauza thupi liwiro loti liziyendera. Kakafooka, zonse zimayenda pang'onopang'ono ngati lole yodzaza simenti pa chitunda cha Machinga: m'mimba, kugunda kwa mtima, ngakhale maganizo. Munthu amatopa, amaiwalaiwala, amakhumudwa popanda womukhumudwitsa, ena nkhawa imawagwira osadziwa chimene akuopa. Ndipo khosi likhoza kuoneka bwinobwino, lopanda chotupa.

Anamupatsa kam'bulu kakang'ono koti azimwa m'mawa uliwonse asanadye kanthu, n'kumuuza kuti mwina azimwa moyo wake wonse, komanso azibwerera kukayezetsa magazi. Sizinasinthe tsiku limodzi iyayi. Panapita masabata angapo juzi isanavulidwe, miyezi ingapo kuseka kusanabwerere.

Bambo a Tadala anabwera okha kwathu, chipewa chili m'manja. "Amalume, ndikanathamangitsa munthu wodwala." Ndinawauza kuti asadandaule okha, pa mlandu umenewo tonse tili m'kati.

Tsono pano pali nkhani yanga. Ife timadziwa kudwazika matenda ooneka. Munthu akathyoka mwendo timabwera ndi nthochi ndi mabanzi. Koma akangokhala duu, osafuna kucheza, osafuna kusamba, timasanduka oweruza. Mkazi timati waulesi. Mwamuna timati wayamba kunyada, kapena ali ndi chibwenzi. Wachinyamata timati wayamba chamba. Timakonda kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga ngati matendawo alanda mphamvu yomwe yotsekulira chitsekocho?

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti aliyense wovutika maganizo ali ndi vuto la chithokomiro. Ena chithokomiro chawo chili bwinobwino, koma akudwaladi maganizo, ndipo nawonso chithandizo chawo chilipo kuchipatala komweko. Ena ali ndi zonse ziwiri. Sindikunenanso kuti mukapemphe mibulu ya Aginesi kuti muyesereko. Mankhwala amenewo osayezetsa magazi akhoza kukupwetekani. Ndipo pemphero musasiye. Ingopempherani muli pa mzere wa kuchipatala.

Chimene ndikunena n'chakuti mutu ndi thupi si anthu oyandikana nyumba ongopatsana moni. Ndi banja limodzi. Wina akadwala, mnzake sagona tulo. Choncho munthu akasintha khalidwe kwa miyezi, makamaka ngati akutopa, akunenepa osadya kwambiri, akumva kuzizira anzake akutuluka thukuta, pitani naye, ndipo mukafunse ngati n'kotheka kuyeza chithokomiro. Akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, musadikire n'komwe kuti kuche.

Kwa ankhoswe anzanga a ku Machinga, kwa Kawinga, ku Liwonde ndi kwina konse: Loweruka likubwerali ena mwa inu mukakhala pansi kuweruza banja limene mkazi kapena mwamuna "wangosintha". Mudzamva mbali zonse ziwiri, mudzatchula miyambi yanu yonse. Koma musanagamule kuti wolakwa ndani, alipo pakati panu amene adzafunse kuti, "Kodi munthuyu munapita naye kuchipatala?"