Gitala ya Ana a Atelala

Kuzizira kukafika zala zimauma ngati timitengo, ndipo mwana wa zala zouma sungamugwiritse nsambo za gitala. N'chifukwa chake m'miyezi ya mphepo Aphunzitsi ankayamba ndi ketulo. Ankathira madzi otentha m'kapu yachitsulo, n'kumupatsa mwana kuti aifumbate mpaka zikhatho zifiire. Madziwo sanali akumwa. Akazirala, phunziro linkayamba.

Chipinda chawo chinali kuseri kwa wokonza njinga. Munali mipando iwiri yoyang'anizana, bedi kuseri kwa katani, ndi zenera limodzi lomwe galasi lake losweka analitseka ndi katoni. Ali mnyamata ankaimba m'maukwati. Mawondo atayamba kudandaula ndi kuimirira, anakhala pansi n'kuyamba kuphunzitsa, ndipo kuyambira pamenepo aliyense, ngakhale anzawo a msinkhu umodzi, ankangowatcha Aphunzitsi.

Ana ambiri anakhalapo pampando wachiwiriwo. Ochuluka ankathawa nsonga za zala zikangotuluka matuza. Khomo limodzi lokha ndilo silinawasiye, la Atelala a kumapeto kwa msewu. Atelalawo anabwera tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, atagwira dzanja la mwana wawo wachisamba, gitala yakale ili paphewa. Aphunzitsi anawauza lamulo lawo tsiku lomwelo: ana a mimba imodzi, gitala imodzi.

"Gitala imazolowera fungo la pakhomo," ankatero. "Wamkulu akaifewetsa, wamng'ono savutika."

Chisamba anali mtsikana wofatsa, wa zala zazitali. Nthawi ya dzinja, mvula ikamasokosa pamalata, iye ankagoneka khutu pathupi la gitala n'kupitiriza kuimba, osadikira kuti ikate. Pambuyo pake panabwera mlongo wake, Phokoso, yemwe ankamenya nsambo ngati akukutumula mphasa. Wachitatu anali Tulo, amene m'chilimwe ankawodzera chibwano chili pagitala, koma akadzidzimuka mawu ake ankaimitsa anthu panjira. Onse anakula n'kumwazikana. Phokoso anayamba kuyendetsa malole, Tulo anapita kusukulu yakutali, Chisamba anakwatiwa kutsidya kwa mapiri. Koma Chisamba akabwera kudzaona makolo ake, ankayamba watsitsa gitala pakhoma, n'kubwera nayo kwa Aphunzitsi kudzawaimbira nyimbo yoyamba imene anamuphunzitsa. Iwo ankadikira tsiku limenelo monga mlimi adikira mvula yoyamba.

Kenaka panabwera Mzime, wobadwa anthu ataiwala kale zakuti pakhomopo pangalirenso khanda. Anafika Aphunzitsi ali ndi imvi mutu wonse. Dzanja lake lamanzere, lokanikiza nsambo, linkapeza malo msanga kuposa ngakhale la Chisamba. Koma lamanja, lomenya, linkachedwa ngati mwendo wopunduka. Mvula inagwa n'kutha, anthu anakolola, mphepo inayamba, dzanjalo likutsalirabe m'mbuyo.

"Achemwali ako ankatere, taona," ankamuuza Aphunzitsi. "Lileke dzanjali lizigwa lokha."

"Ndamva, Aphunzitsi," ankayankha mtsikanayo atazolika.

Masana ena madzi anazirala m'kapu popanda woifumbata. Sabata yotsatira zinateronso. Aphunzitsi anakhala akuyang'ana mpando wopanda munthu. Ankadziwa kuti kumbuyo kwa Mzime kulibenso wina. Akaleka iye, gitala idzasanduka chokongoletsa khoma, ndipo kanjira ka pakati pa makomo awiriwo kadzamera udzu.

Anatenga jekete lawo lothothoka batani kuti likhale chifukwa, n'kutsika msewu.

"Odi kuno kwa mabwana!"

"Mabwana ake ati, odyera zigamba ngati ife?" anayankha Atelala, phazi lili pamakina, tepi ili m'khosi. "Lowani, Aphunzitsi, mphepoyi ingakuulutseni."

"Jeketeli likufuna batani."

Atelala analitembenuza uku ndi uku. "Jekete ili likufuna maliro, osati batani. Ndinalisoka Chisamba asanamere mano."

"Ndiye kuti munali mmisiri nthawi imeneyo. Za masiku ano sizifika chaka."

Anaseka onse awiri. Aphunzitsi anakhala pabenchi, pakati pa nsalu zodikira eni ake.

"Mwana wanga uja mwamubisa kuti?"

Atelala anaimitsa makina. "Akuti basi. Akuti nyimbo anamaliza akulu ake, iye anapeza mumphika mulibe kanthu. Ine sindikakamiza mwana, Aphunzitsi. Aphunzire singano, singano siichititsa munthu manyazi." Anatembenukira kuchipinda cham'kati. "Mzime! Tabwera uwasokere aphunzitsi ako batani."

Mtsikanayo anatulukira, napereka moni maso ali pansi. Analandira jekete ndi manja awiri n'kukakhala pakona, pafupi ndi tebulo lodulirapo nsalu. Aphunzitsi ankamuyang'ana posowa poyambira. Anaona akutenga singano ndi dzanja lamanzere. Analowetsa ulusi kamodzi kokha, ndipo singanoyo inayamba kulowa ndi kutuluka ngati ikudziwa yokha njira. Atadula ulusi ndi mano anakhala akudikira akuluakulu. Bambo ake anali atayambanso kupalasa makina, ndipo dzanja lomwe lija lamanzere linayamba kugogoda patebulo, likutsatira kulira kwa makinawo, mwinanso n'kuponyamo timigogodo take pakati. Lamanja linali phee pamiyendo ngati mlendo.

"Atelala," anatero Aphunzitsi, "mwanayu ndi wamanzere?"

"Kuyambira ali kumsana. Amake analimbana nako kadzanjako. Kudya, kulemba, kulandira kanthu, zonse anamusinthitsa. Singano yokha ndiyo inakana."

"Nanga osandiuza?"

"Munafunsa? Inu munangoti bweretsani wina, ngati mukuitanitsa mabatani a mtundu umodzi."

Aphunzitsi anakumbukira tsiku loyamba la Mzime, mmene anamuikira gitala pamiyendo osaganiza n'komwe, momwe anawaikira atatu aja. M'chipinda chawo mwanayo ankagwira kapu ndi manja onse awiri, ndipo pokhala pamaso pa munthu wamkulu, china chilichonse ankachita ndi lamanja.

"Iwe mwana, bwanji sunanene?"

"Gitala ndi ya achemwali," anayankha motsitsa. "Ndimayesa imagwiridwa momwe anaisiyira."

"Imatembenuzika," anatero Aphunzitsi. "Nsambo zazikulu zipite kumene kuli zazing'ono, zazing'ono zibwere kuno. Dzanja lakoli ndilo lizimenya."

Amake Chisamba anali ataima pakhomo lam'kati, simbi ili m'manja. "Mutembenuze gitala ya mwana wanga? Ndiye akabwera aziimba chiyani, chitseko?"

"Ina ikhoza kupezeka…"

"Ina ilibe fungo la pakhomo," Atelala anawadula Aphunzitsi akumwetulira. "Anatero ndani kodi, amake mwana?"

Aphunzitsi anayang'ana gitala ili pakhoma, pamwamba pa mashati opachika. Zimene ananena mayiwo zinali zoona. Ikatembenuzidwa, Chisamba sadzathanso kuiimba, ndipo sipadzakhalanso tsiku loti agogode pakhomo pawo nayo ili m'manja. Mphepo inalowetsa masamba ouma mpaka pansi pa benchi.

"Chisamba ali ndi nyumba yake tsopano," anatero Aphunzitsi pomaliza. "Amuna ake amugulire ina. Iyi ndi ya amene ali pakhomo."

Mayiwo anaika simbi pansi n'kuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Ukuifuna, iwe?"

"Ndikufuna ndiyesenso, amayi."

Mayiwo anakwera okha pampando, natsitsa gitala, naipukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yawo. Powapatsa Aphunzitsi sanaisiye msanga.

"Chisambayo mudzamuuze nokha. Ine m'kamwa mwanga mulibe mawu amenewo."

"Ndidzamuuza, mayi."

"Nalo jekete lanu," anatero Atelala. "Batani limenelo lidzatsala lokha nsalu yonse itatha."

Aphunzitsi anakwera msewu gitala ili paphewa, mphepo ikuwakankha kumsana. Kwa wokonza njinga anabwereka tupa laling'ono ndi pulayala. Dzuwa linali likadali pazenera. Anakhala pansi, napisa manja m'khwapa kuti afunde, ndipo asanakhudze kanthu anaimba nyimbo ya Chisamba kamodzi, pang'onopang'ono, kuyambira poyamba mpaka pothera.

Kenaka anayamba kumasula. Nsambo iliyonse ankaichotsa n'kuigoneka pabedi motsatana. Pansi pa dzenje la gitala panali malo oyererako, pamene zikhadabo za ana atatu zinadya utoto. Malo amenewo tsopano akhala pamwamba. Kumutu kwa gitala kuli kafupa ka timipata komwe nsambo zimadutsapo. Timipata ta nsambo zazing'ono anatikulitsa ndi tupa, akuuzira fumbi lake, mpaka nsambo yaikulu inakhala bwino m'malo mwake mwatsopano. Anamanga zonse, imodzi imodzi, nazikunga akutchera khutu. Yomaliza itagwirizana ndi zinzake, anadula nsonga zotsala ndi pulayala, nasesa tizidutswa pansi, n'kuigoneka gitala pampando wa mwana, khosi lake litaloza kudzanja lamanja.